Kodi Oonerera Aja Anazifunadi Okha?

Dzuwa linali likulowa pa 14 Ogasiti 2010 pamene magalimoto oyamba a mpikisano wa California 200 ananyamuka pa Soggy Dry Lake, nyanja youma ya m'chipululu cha Mojave, kufupi ndi Lucerne Valley ku America. Unali mpikisano wa usiku, wa makilomita pafupifupi 320, wozungulira kanayi njira ya mchenga, miyala ndi zigwembe. Makilomita ngati 3 kuchokera ponyamukira pali chitunda chimene okonda masewerawa amachitcha Rockpile. Galimoto ikafika pamenepo ili paliwiro imanyamuka yonse, matayala onse m'malere, n'kukatera kutsogolo fumbi lili koboo. Aliyense wobwera kudzaonerera ankafuna malo amenewo.

Anthu anandanda mbali zonse ziwiri za njirayo, mafoni ndi makamera ali m'manja. Panalibe mpanda, panalibenso chingwe. Makanema amene iwo eni anajambula madzulo amenewo amaonetsa magalimoto akudutsa pakampata kopapatiza pakati pa anthu, ena ataima mamita 3 okha kuchokera popita matayala, akukuwa ndi chisangalalo. Kenaka inatulukira Ford Ranger yoyera. Inadumpha chitunda chija, inatera mopendekeka, inasiya njira n'kulowa m'khamu, ndipo inagubuduzika mpaka kukaima matayala ali m'mwamba, anthu ena ali pansi pake. Anthu 8 anamwalira, 6 pamalo pomwepo ndipo 2 atatengeredwa kuchipatala. Enanso osachepera 10 anavulala. Dalaivala, mnyamata wa zaka 28, anatuluka wamoyo chifukwa magalimoto ampikisano amakhala ndi zitsulo zotchinga mkati, koma ena m'khamumo anayamba kumugenda ndi miyala, moti anachita kumuthawitsa. Apolisi a California Highway Patrol anati ankathamanga makilomita 70 mpaka 80 pa ola. Sanamuimbe mlandu uliwonse.

Malamulo analipo, olembedwa bwinobwino. Dera limeneli, lotchedwa Johnson Valley, ndi la boma, ndipo limayang'aniridwa ndi nthambi yotchedwa Bureau of Land Management, imene inapereka chilolezo kwa okonza mpikisanowo, a Mojave Desert Racing. Malamulo a okonzawo ankati woonerera aime mamita 30 kuchokera panjira. Chilolezo nacho chinkati galimoto ikayandikira anthu mamita 15 isapitirire makilomita 24 pa ola. Lamulo lachiwirili ndi lovuta kulimvetsa pampikisano, pakuti munthu amene walipira ndalama kuti apikisane sangamaponde buleki nthawi iliyonse akaona mutu wa munthu m'mbali mwa njira, anzake akumusiya. Wolilemba ankayenera kudziwa kuti likhoza kugwira ntchito pokhapokha anthu atatalikitsidwa kaye. Patapita miyezi itatu, nthambi ya boma ija inatulutsa lipoti lovomera kuti sinatsate ndondomeko zake zomwe popereka chilolezo ndi poyang'anira mpikisanowo. Tsiku limenelo m'dera lonse lalikululo munali mlonda wa boma mmodzi yekha. Mu 2013 mabanja a omwalira ndi ovulala anagwirizana ndi oimbidwa mlandu za chipukutamisozi cha madola 5.8 miliyoni, ndipo gawo lalikulu linachokera kuboma.

Ngoziyi itangochitika, ambiri a m'masewerawa anayankha mofanana: oonerera aja anazifuna okha. Palibe anawakoka dzanja. Anali akuluakulu, liwiro la magalimoto ankaliona ndi maso awo, ndipo ambiri sanali alendo kuchipululuko. Mawu otere amamveka ouma mtima pamaliro, koma si opanda nzeru, ndipo wowataya msanga ndiye kuti sanawamvetse anthu amenewa. Chimene chimawakokera ku Johnson Valley n'chakuti kulibe geti, kulibe mpando wa nambala, kulibe wokuuza poima. Munthu amafika ndi banja lake, amakhoma tenti, amasonkha moto, n'kusankha yekha poonerera. Njira ya makilomita 80 palibe angaimangire mpanda, ndipo atati ayesere, ndalama zake zikhoza kupha mpikisano wa anthu wamba ngati umenewu, umene ochita nawo ambiri amakonza okha magalimoto awo pakhomo akaweruka kuntchito. Amene akufuna ufulu woterowo, iwo amatero, avomerenso kudziyang'anira.

Wolemba nkhani ino amagwirizana nawo mpaka pakati. Munthu wamkulu amene waima mamita 3 kuchokera potera galimoto walakwa, ndipo kubisa zimenezo n'kunamiza amene adzafune kuima pomwepo chaka chamawa. Pamene mawu aja amapita padera ndi poganiza kuti wolakwa mmodzi akapezeka ndiye kuti ena onse ayera, komanso poganiza kuti woima pafupi waika pachiswe moyo wake wokha.

Maso amanama pa nkhani ya liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi. Munthu wamaso akuthwa amafunika pafupifupi sekondi yomweyo kuti aone kuti zalakwika, mutu uvomereze, mwendo uyambe kusuntha. Woima pafupi amadziuza kuti ikabwera ndidumpha, koma pofika poti adumpe zonse zatha kale, ndipo kumbuyo kwake kwaima anthu ena amene amutsekera kothawira. Pachitunda zinthu zimaipiraipira. Matayala akachoka pansi, chiwongolero sichigwiranso ntchito, buleki nayenso alibe chogwira. Dalaivala, kaya akhale katswiri wotani, amangodikira kuti chitsulo cholemera kuposa tani chitere. Chikatera ndi tayala limodzi, kapena pamwala umene galimoto yapatsogolo yafukula, chimapita kumene mphamvu yake yachitumiza. N'chifukwa chake odziwa masewerawa amaopa kwambiri malo atatu: kutsogolo kwa chitunda kumene galimoto imatera, kunja kwa kona kumene imatererekera ikalephera kukhota, ndi kunsi kwa msewu kumene imagwera ikagubuduzika. Tsoka lake, malo omwewo ndi amene amatulutsa chithunzi chokongola. Ndipo woyang'ana kudzera pagalasi la foni amaona galimoto ili kutali, yaing'ono, pomwe ili kale pamphuno pake.

Khamu nalo lili ndi kayendedwe kake. Palibe amene amadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndikaima mamita 3. Woyamba kufika amaima patali ndithu. Wachiwiri amaima patsogolo pake pang'ono kuti aone bwino. Wachitatu, poona kuti atsekeredwa, amasendera phazi limodzi. Magalimoto khumi amadutsa popanda choipa, ndipo iliyonse yodutsa bwino imawauza anthu kuti pamene aimapo m'pabwino. Wofika mochedwa, amene mwina n'koyamba kuonerera, amapeza anthu mazanamazana ataima m'mphepete mwenimweni, n'kuganiza kuti ndiwo malo ake, popeza onsewa sangakhale openga. Mowa ukalowapo, kusenderako kumafulumira. Choncho amene anasendera poyamba uja, ngakhale atabwerera kwawo ali bwinobwino, wasuntha mzere wonse, ndipo wogundidwa akhoza kukhala wina amene anangotsatira.

Winanso amene amasenza katundu wa kulimba mtima kwa woonerera ndi dalaivala. Mnyamata wa pa Rockpile uja sanamangidwe, koma adzakhala moyo wake wonse akudziwa kuti anthu 8 anafera pansi pa galimoto yake. Madalaivala eni ake analankhulapo kale za zimenezi, ndipo analankhula mokweza ku Portugal mu 1986.

Zaka zimenezo mpikisano wa rally wa dziko lonse unali m'manja mwa magalimoto a Group B, opepuka koma amphamvu zoopsa, otha kufika makilomita 100 pa ola m'masekondi ngati 3. Ku Portugal anthu ankawakonda mopitirira muyeso. Ankadzaza mumsewu mwenimwenimo, n'kumapatuka galimoto itafika kale, ndipo anyamata ena ankapikisana kuigwira ndi dzanja ikamadutsa. Pa 5 Malichi 1986, pachigawo choyamba cha Lagoa Azul kufupi ndi Sintra, Joaquim Santos, katswiri wa dziko lomwelo, analephera kuwongolera Ford RS200 yake ndipo inalowa m'khamu. Anthu 3 anafa, oposa 30 anavulala. Tsiku lomwelo madalaivala a makampani akuluakulu, kuphatikizapo Walter Röhrl, Markku Alén, Timo Salonen ndi Henri Toivonen, anakumana kuhotela ku Estoril n'kulemba chikalata chokana kupitiriza mpikisano. Anati akulemekeza omwalira, anati palibe njira yotsimikizira chitetezo cha oonerera kumeneko, ndipo ananenetsa kuti ngoziyo inachitika chifukwa dalaivala ankazemba anthu amene anali mumsewu. Mpikisano unapitirira popanda iwo. Patangopita miyezi iwiri, pa 2 Meyi, Toivonen ndi mnzake womuwerengera njira, Sergio Cresto, anapsera mu Lancia Delta S4 yawo pachilumba cha Corsica, ndipo akuluakulu a masewerawa analengeza nthawi yomweyo kuti Group B itha pakutha pa chakacho. Zimawawa kuona kuti imfa za oonerera a ku Sintra sizinakwanire kugwedeza akuluakuluwo mpaka atafa katswiri wodziwika dzina.

Ku Mexico, pa Baja 1000, mpikisano umene unayamba mu 1967, pali khalidwe lina limene limaonetsa poyera kuti woonerera si munthu wongoima chabe. Anthu ena amakumba maenje panjira, kapena kuunjika dothi kupanga chitunda chawochawo, kuti aone galimoto ikuuluka pafupi ndi pamene akhala. Madalaivala amachenjezana kuti ukaona khamu pamalo opanda chifukwa pakati pa thengo, chepetsa liwiro. Ochita zimenezi ambiri safuna kupha munthu, amangofuna chionetsero. Koma chitunda chomangidwa ndi fosholo usiku sichinayezedwe ndi aliyense, ndipo galimoto imene yachigunda imatera kumene yafuna, nthawi zina pa omwe anachimanga.

Pamenepa m'pamene udindo wa munthu payekha uyenera kunenedwa mosapsatira, ndipo ndi wolemera kuposa mmene ouchemerera amaunenera. Sutha pa kuvomera kuti zikandigwera ndi zanga. Umafuna kuti munthu aime pamalo okwera, mkati mwa kona, pomwe kumbuyo kwake kuli kothawira. Umafuna kuti asaufulatire msewu, amvere woyang'anira wovala chovala chowala uja ngakhale ali wamng'ono kwa iye, ndipo akaona mlendo waima poipa amuuze, ngakhale atukwanidwe. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kuthengo kumene kulibe wapolisi, mnansi woteroyo ndi woonerera mnzako.

Nanga mwana? Mu Juni 2016, pa Baja 500, galimoto yampikisano inasiya njira itangonyamuka kumene mumzinda wa Ensenada ndipo inapha mnyamata wa zaka 8, mayi ake n'kuvulala. Mwana wa zaka 8 sasankha poima, amaima pamene wamkulu wamuimika. Za iye palibe anganene kuti anazifuna yekha.

Mawu aja amatheratu mphamvu tikafika ku Dakar Rally ya masiku amene inkadutsa mu Africa. Mpikisanowu, umene Thierry Sabine anauyambitsa ku Paris kumapeto kwa 1978, unkadutsa m'midzi ya ku Mali, Mauritania, Guinea ndi Senegal, magalimoto, njinga zamoto ndi malole mazanamazana, kuphatikizapo onyamula zipangizo ndi amakaniko. Mu Januwale 2006 mnyamata wa zaka 10 anagundidwa n'kufa ndi galimoto yampikisano ku Guinea, ndipo tsiku lotsatira wina wa zaka 12 anaphedwa ndi galimoto yothandizira ku Senegal. Ana amenewa sanakwere basi kupita kukaona mpikisano. Mpikisano ndi umene unawapeza kwawo. Mwana wakumudzi akamva injini zikubangula amathamangira kumsewu, ndipo palibe chachilendo pamenepo. Amene anasankha kudutsitsa mpikisano pakati pa nyumba za anthu ndiye anatenga udindo wonse, popeza ndi iye yekha amene ankadziwa chimene chikubwera. Dakar inachoka mu Africa itaimitsidwa mu 2008 chifukwa cha ziopsezo za zigawenga ku Mauritania, inapita ku South America mu 2009, kenaka ku Saudi Arabia mu 2020. Ku South America nakonso inapha woonerera, mayi wina wa ku Argentina, pachigawo choyamba cha mpikisano wa 2010.

Wina akhoza kunena kuti zonsezi ndi za kumalo opanda dongosolo. Scotland ikutsutsa zimenezo. Pa 31 Meyi 2014, pa Jim Clark Rally, mpikisano wa pamisewu yakumidzi yotsekedwa mwalamulo, galimoto inadumpha pakamlatho kotukuka kufupi ndi mudzi wa Swinton, inatera molakwika, ndipo inapha anthu 3 amene anaima kutsogolo kwa mlathowo. Sanali anthu osadziwa masewerawa, ndipo mmodzi wa iwo anali ndi chiphaso cha atolankhani. Kafukufuku wa khoti, amene anatsogoleredwa ndi Sheriff Kenneth Maciver ndipo anatha mu 2017, anapeza kuti imfazo zikanapeweka malo amenewo akanaonetsedwa bwino kuti ndi oletsedwa. Papulani anali oletsedwa, koma pamsewu penipenipo chiletsocho sichinaoneke mokwanira, ndipo njira yotsimikizira kuti zapapepala zachitikadi inali yofooka. Nkhani yake ndi yomwe ija ya ku Mojave, kungoti kuno kunali oyang'anira ndi mapulani ambiri. Chidziwitso cha woonerera, ngakhale wa zaka zambiri m'masewerawa, chili ndi malire, ndipo munthu amene anajambula mapu a msewuwo, amene akudziwa kumene galimoto imagwera ikalakwitsa pamlatho, sangasiye chidziwitso chakecho mufayilo.

Chimene chinasintha ku Britain pambuyo pake n'chosavuta kufotokoza. Pampikisano wa rally pamakhala nthumwi yoona za chitetezo, yosakhala pansi pa okonza, imene imadutsa njira magalimoto asananyamuke ndipo ili ndi mphamvu yochedwetsa kapena kuletsa chigawo chonse ikapeza anthu ataima poipa. Pampikisano wa dziko lonse ntchito yoteroyo anaigwira kwa zaka zambiri Michèle Mouton, mayi wa ku France amene anapambana Rally ya ku Portugal mu 1982 ndi Audi Quattro, akudutsa iye mwini pakati pa makamu aja. Patsogolo pa opikisana pamayenda magalimoto olembedwa 000, 00 ndi 0, oona ngati njira ili bwino ndi kuchenjeza anthu kuti zayamba. Dziko la Poland linachotsedwa pamndandanda wa mpikisano wa dziko lonse pambuyo pa 2017 chifukwa cha kusamvera kwa oonerera ndi kulephera kwa okonza kuwaletsa, ndipo linabwereranso mu 2024.

Kuletsa chigawo kuli ndi nzeru imene mpanda ulibe. Woyang'anira mmodzi, amene kawirikawiri ndi wongodzipereka wosalandira kanthu, sangalimbane ndi amuna makumi asanu amene amwa kuyambira m'mawa. Koma khamu likadziwa kuti anthu asanu aima kunja kwa kona ajawo achititsa kuti galimoto isadutse n'komwe, pomwe ena onse ayenda mtunda wautali ndi kugona panja kuti aione, khamulo limawachotsa lokha. Udindo wa munthu payekha umayamba kugwira ntchito pamene okonza aonetsa kuti ali okonzeka kutaya ndalama ndi kukwiyitsa anthu. Kumene okonza amaopa kuimitsa mpikisano, chenjezo la papepala limangokhala chodzitetezera kukhoti.

Pali ngozi ina imene imachokera ku mtima wabwino, ndipo imeneyi ndi yovuta kuidzudzula. Galimoto ikagwera m'dzenje kapena ikatembenuzika, anthu amathamangira kukathandiza. Ena amagwira chitseko, ena bampala, wina amawerenga kuti onse akankhe pamodzi, dalaivala ali mkati akukuwa kuti fulumirani chifukwa nthawi ikumuthera. Onse maso ali pagalimoto yagwayo, misana ili kumsewu. Koma pa rally magalimoto amanyamuka motsatana, mphindi imodzi kapena ziwiri pakati pawo, ndipo chimene chatereretsa woyamba, kaya ndi matope, madzi oundana kapena mchenga wofewa, chikudikiranso wachiwiri pakona yomweyo. Pa Snowman Rally ya 2013, m'nkhalango ya kufupi ndi Loch Ness, mayi wina anafa ndipo mwana anavulala pamene galimoto inasiya njira pamalo amene ina inali itagwa kale anthu akuithandiza. Odziwa amati asanakhudze galimoto yagwa, mmodzi athamangire kumene magalimoto akuchokera kukachenjeza wotsatira, ndipo wina aime maso ali kumsewu basi, osagwira kanthu.

Pamipikisano yokwera miyala ngati King of the Hammers, imene imachitikira ku Johnson Valley komweko kuyambira 2007, liwiro limachepa pamiyalapo koma ngozi imangosintha nkhope. Galimoto yokwera phiri la miyala ikhoza kubwerera chambuyo n'kugubuduzika. Tayala lozungulira pamalo amodzi limatha kulasa mwala waukulu ngati mutu wa munthu kumene kwaima anthu. Chingwe cha winchi chikakokedwa mpaka kulira, n'kuduka, chimakwapula chilichonse chili pafupi, ndipo chachitsulo n'choopsa kuposa chaulusi. Poti galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, anthu amamasuka n'kuyandikira, ena mpaka kufuna kulozera dalaivala poponda. Masiku ano okonza mpikisanowo amapatula malo oonerera pamiyala yotchuka ngati Chocolate Thunder ndi Backdoor, ndipo zilolezo za boma m'chipululu cha California zinakhwima kuchokera pa ngozi ya 2010. Ena amadandaula kuti kukoma kwakale kunatha komanso kuti mipikisano ing'onoing'ono ikuvutika ndi ndalama za inshulansi ndi alonda. Dandaulo limeneli ndi loona ndithu, ndipo ndi gawo la mtengo umene anthu a Rockpile anasiyira anzawo.

Masewerawa sali kutali ndi kwathu kuno. Safari Rally ya ku Kenya inayamba mu 1953 ndipo kwa zaka zambiri inkathamangidwa pamisewu yosatseka, opikisana akukumana ndi mabasi, ngolo ndi ziweto. Inachoka pamndandanda wa dziko lonse pambuyo pa 2002, ndipo pobwerera mu 2021 inabwera ndi zigawo zotsekedwa za kufupi ndi Naivasha, zambiri zodutsa m'mafamu ndi m'malo osungira nyama. Ku Zambia, Zambia International Rally yakhala kwa zaka zambiri gawo la mpikisano wa Africa yonse, umene Satwant Singh wa dziko lomwelo anaupambana maulendo 8. Kumene mpikisano wotere wadutsa pafupi ndi midzi, pamsewu pamakumana anthu amitundu iwiri. Alipo amene abwera ndi galimoto zawo kuchokera m'tauni, odziwa mayina a madalaivala, amene kwa iwo nkhani ya kudziyang'anira iyenera kunenedwa mosanyengerera. Aliponso mayi wopita kuchigayo, mwana wochokera kusukulu ndi mbusa wa mbuzi, amene sanaitane aliyense.

Kwa anthu achiwiriwa, chikwangwani cha Chingerezi chokhomedwa pamtengo m'mawa wa tsiku lomwelo sichikwanira. Uthenga uyenera kufika kutatsala sabata kuti mpikisano uchitike, kudzera kwa amfumu, kusukulu, kutchalitchi ndi kumzikiti, m'chinenero cha anthuwo, ndipo unene ola limene msewu utsekedwe, pamene pali powolokera, ndi munthu amene adzaime pamenepo. Chofunika kwambiri kufotokoza ndi kachetechete wa pakati pa magalimoto. Imodzi ikadutsa, fumbi limatsika, phokoso limatha, ndipo munthu wosadziwa amaganiza kuti zatha, n'kulowa mumsewu ndi njinga yake kapena ziweto zake, pomwe yotsatira ili masekondi ochepa kuseri kwa kona. Nthawi zina mpata umatalika chifukwa wina wawonongekera panjira, ndipo m'pamene ngakhale oonerera ozolowera amayamba kuyenda mumsewu kubwerera kumene anaimika magalimoto awo. Pamalamulo a rally msewu sutsegulidwa mpaka itadutsa galimoto yotsekera, imene imayenda pambuyo pa wopikisana womaliza. Okonza amene akudutsitsa mpikisano pamudzi ayenera kutuma munthu kukauza anthu a pamudzipo mtundu wa galimoto imeneyo, nyali zake ndi kulira kwake, ndi kulipira wina woti aime panjira ya kuchitsime mpaka itadutsa.